Sipika ya Mkamwini

"Ndiye dzina la amayi lili pati pamenepa?"

Veronika anagwira foni ya mwamuna wake ndi zala ziwiri ngati wanyamula khoswe wakufa. Pafonipo panali chithunzi cha Denis atavala suti yonyezimira, dzanja lina pamtima, lina likuloza kumwamba. M'munsi mwake analembamo ndi zilembo zagolide: Denis Maluwa, Tula Mtolo, nyimbo yatsopano.

"Tsitsa mawu, make Thandi. Apongozi akudwala, ndipo nyumba yawo ili pomwepa."

"Lero mwakumbukira kuti akudwala? Ndafunsa dzina lawo. Kapena la kwaya. Kapena langa ine chitsiru, amene ndakhala ndikuuza anthu kuti bambo a Thandi akupita ku Limbe kukafuna ganyu."

"Nanga si ganyu? Kuyimba si ntchito?"

"Kuba nakonso ndi ntchito. Anthu amatuluka nako thukuta."

Denis anaika pansi nsapato imene ankapukuta. "Ndaba chiyani? Mawu ali m'nyimbomo ndi a ndani? Kodi kholingo ndinabwereka kwa munthu?"

"Nyimbo imeneyo anapeka ndi amayi, tikukolola nandolo. Inu munali pomwepo, mutakhala pa chitsa, mukuti, 'Abwerezenso apongozi, sindinaigwire.'"

"Ndiye zaka zonsezi yapindula chiyani? Timakaiyimba pamaliro, anthu n'kulira, ife n'kusamba m'manja, n'kubwerera. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Veronika. Trevor wa ku situdiyo uja atangondimva anaimirira. Akuti mawu ngati awa sayenera kuthera pansi pa mtengo wa mango."

"Bwanji sananene kuti bwerani nonse?"

"Gulu lonse lija, ana ali kumsana, m'kachipinda kochepa ngati bafa? A Dora akutsokomola, wina akuyamwitsa? Masiku ano anthu safuna gulu. Amafuna nkhope imodzi."

"Ndipo nkhope yakeyo yapezeka."

Denis anapumira m'mwamba, ndipo atayambanso kuyankhula, mawu ake anali otsika. "Tamvera, make Thandi. M'mudzi muno munda ndi wanu. Nyumba ino njerwa ndinaumba ndine, koma dothi ndi lanu. Thandi yemweyu, tsiku limene tidzayambane, adzati ndi wa amalume ake. Ine mkamwini, chimene ndinabwera nacho kuchokera kwathu, chimene palibe angandilande, ndi ichi." Anadzigwira pakhosi. "Ndiye nachonso ndipemphe chilolezo?"

Mawu amenewo anamukwiyitsa Veronika kuposa chithunzi chija. Anaponya foni pamphasa.

"Taimvera kaye," anatero Denis. "Ukaimva usintha maganizo."

"Sindimvera. Nyimbo imeneyo ndinaidziwa foniyo isanabadwe."

Kwaya ya mphakati wawo wa tchalitchi, kuseri kwa Nguludi, inalibe kiyibodi ngakhale mabuku. Inali ndi ng'oma imodzi, zisekese zitatu, ndi lamulo limodzi la mayi Josephine, amayi ake a Veronika, amene anaiyambitsa: mmodzi ayambitsa, onse avomera. Woyambitsa aponya mzere wake n'kukhala chete, kuyembekeza kuti gulu liwolokere kwa iye. Chiyambire pamene Denis anakwatira m'mudzimo, woyambitsa anali iye. Enawo anazolowera kuvomera mpaka anaiwala kuti nyimbo imayamba bwanji.

M'mawa mwake Veronika anapititsa phala kwa amayi ake. Anawapeza atatsamira khoma, miyendo itatupa, maso okha ali amoyo.

"Ndamva kuti nyimbo yanga yapita m'tawuni osatsanzika," anatero mayi Josephine.

"Akungotitsegulira njira, amayi. Akuti zikayenda bwino kwaya yonse ikajambula."

"Anatero?"

"Eya."

"Iwe Veronika, unayamba kunama mano asanamere, koma mpaka lero sunaphunzire. Ukamanama umayang'ana mphika."

Veronika anachotsa maso pa kapu ya phala.

"Sindikumuletsa," anapitiriza mayiwo. "Nyimbo si mbuzi kuti ndiimange pachikhomo. Koma ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika, zimenezo akaziona yekha. Changa ndi chimodzi. Ine ndaperekeza anthu ambiri m'mudzi muno. Tsiku langa likadzakwana, bokosi likamatuluka pakhomopo, nyimbo ija adzayambitse ndi iye. Mnyamata uja ndi wonyada ngati tambala, koma akayambitsa, ine mtima umakhala pansi. Ukamuuze."

"Musamayankhule choncho, amayi."

"Ukamuuze, ndatero."

Anakamuuza. Denis anadzimenya pachifuwa. "Zimenezo n'zochita kupempha? Apongozi anga? Ngakhale nditakhala ku Joni ndingabwere wapansi."

Koma kokonzekera kwaya pansi pa mango anasiya kupitako. Veronika ankapita yekha, atasenza zifukwa. Sabata ino bambo a Thandi ali ndi chimfine. Sabata inayo njinga yaphulika tayala.

"Chimfine chake chimayimba bwino," anatero Dora, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ankaomba ng'oma. "Mwana wanga wachimva pa foni ku Mbulumbuzi. Iwe, ukakafika kunyumba ukawauze a bwanawo kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Njovu yake ndife."

Amayi a m'kwayamo anaseka. Veronika nayenso anaseka, chifukwa akanapanda kuseka akanalira.

Mayi Josephine anamwalira Lachinayi la sabata yotsatira, ku chipatala cha mishoni, atalandira masakramenti. Maliro anati aikidwa Loweruka. Pa siwa Denis anayimba ngati munthu wolapa, ndipo ngakhale Dora anapukuta misozi n'kunena kuti mkamwini wabwerera m'khola.

Loweruka m'mawa, amayi akuyatsa moto kuseri ndipo adzukulu atanyamula makasu kulowera kumanda, Denis anatumiza uthenga m'nyumba ya siwa kuti mkazi wake atuluke pang'ono. Veronika anamupeza kuseri kwa khola la nkhunda, atavala jekete lalitali. Pansi pa jeketelo pankaoneka mwendo wa suti yonyezimira ija.

"Ayi," anatero Veronika.

"Sunamve n'komwe."

"Ndaona."

"Tamvera. Lero ku holo ku Limbe kuli oyimba akuluakulu. A wayilesi aliko. Trevor anandipezera mpata woyamba weniweni, m'mawa uno. Nyimbo ziwiri basi, ndikwera minibasi, dzuwa lisanafike pamutu ndili pano. Mwambo sungayambe mphunzitsi wa mpingo asanalalikire, ndipo ukudziwa mmene amatalikitsira."

"Amayi ali m'nyumbamo, bambo a Thandi. Sanaikidwe."

"Ndayimba mpaka kwacha! Ndani wina wayimba ngati ine? Mwayi sudziwa kuti kwanu kwagwa maliro, Veronika. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndikakana lero, sadzandiitananso, ndipo ndidzafera m'mudzi muno ndikuyimbira mitembo."

"Mtembo wake ndi wa amayi anga."

Denis anagwetsa nkhope, koma mapazi ake anali atalunjika kale kumsewu. Anatulutsa m'jekete kasipika kakuda, kokula ngati buledi, n'kumupatsa.

"Sindichedwa. Koma ngati china chitachitika panjira, nyimbo ija ili m'menemu. Trevor wakonza ina yofatsa, yopanda zing'oma, yoyenera maliro. Ungodina apa. Mawu ndi anga omwe. Chimene anapempha apongozi ndi mawu anga, si choncho?"

"Ndikauze anthu chiyani?"

"Iwe umadziwa zonena."

Ndipo chinamupweteka Veronika ndi chakuti zinali zoona. Anabisa sipikayo m'chitenje n'kubwerera m'nyumba ya siwa, ikumugunda m'nthiti ngati mwana wakuba.

Dzuwa linakwera. Amalume ake, a Simoni, mlongo wawo wa malemu komanso mwini mbumba, anasuzumira pakhomo.

"Mkamwini ali kuti? Anzake akuwaza nkhuni."

"Apita pa Nguludi, amalume, kukagula mankhwala a pakhosi. Mawu anawathera."

Mphunzitsi anayamba kulalika. Anatalikitsadi, kuyambira kwa Adamu mpaka kwa Lazaro, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Veronika anapemphera kuti asamalize. Minibasi iliyonse ikalira kumsewu ankatchera khutu. A Simoni anabweranso.

"Ali m'njira, amalume."

"Njira ya pa Nguludi yatalika liti?"

Uthenga unabwera kuchokera kumanda kuti adzukulu amaliza. Mphunzitsi anati amen. Amuna anayi analowa m'nyumba, akazi anakweza maliro, ndipo bokosi linatuluka pakhomo, miyendo kutsogolo. Kwaya inali itaima m'mizere iwiri, nsalu zofanana, zisekese m'manja. Anthu anadikira. Onyamula bokosi anadikira, chifukwa m'mudzi umenewo bokosi silichoka pabwalo nyimbo isanayambe.

"Ayambitse ndani?" ananong'ona Dora. Amayi anayang'anana. Aliyense ankadziwa povomera; poyambira panalibe mwini.

Veronika anamva maso a mudzi wonse akumuyenda pamsana. Anadzichotsa m'manja mwa amayi amene ankamugwiriza, n'kufika kutsogolo.

"Amayi anapempha mawu a bambo a Thandi," anatero. "Achedwa pang'ono. Koma asiya mawu awo."

Anatulutsa sipika ija, anaiika pa mpando umene panali madzi odalitsa, n'kudina.

Poyamba zinaoneka ngati Mulungu wamuchitira chifundo. Mawu a Denis anatuluka oyera, ofatsa, okoma kuposa mmene ankamvekera pansi pa mango.

"Ndasenza mtolo, dzuwa lapendeka..."

Kwaya yonse inakoka mpweya nthawi imodzi. Dora anakweza dzanja pa ng'oma. Milomo inatseguka.

"Tula, m'bale, tula, pakhomo ndi pano," inavomera sipika.

Inavomera yokha. Anali Denis wa mawu aakulu, Denis wa mawu apakati, ndi Denis wina wopyapyala amene ankayesa kuyimba ngati mkazi, onse pamodzi, osaphonya, osatsokomola. Malo amene kwaya inkalowera anali atadzaza kale. Amayi anatsala kukamwa kuli yasa, mpweya uli m'chifuwa wopanda kolowera. Mmodzi anayesa kutsatira pambuyo, koma makina sadikira munthu wolira. Pamene ankafika pa "pakhomo," a Denis aja anali atayamba kale ndime ina. Anasiya.

Veronika anayang'ana nkhope za anthu amene anavomera mwamuna wake pa mvula ndi pa dzuwa, ndipo anaona kuti amvetsa. Sanangosiyidwa pa ulendo wa ku Limbe wokha. Anachotsedwa m'nyimbo yawo yomwe.

Kenaka pakati pa ndime panalowa mawu ena, achinyamata, okondwa kwambiri.

"Denis Maluwa, woyimba wanuwanu! Maukwati, zinkhoswe, tiyimbireni foni!"

Kumbuyo wina anaphulika kuseka n'kusandutsa chifuwa. Mmodzi mwa onyamula bokosi anatukwana motsitsa. Veronika anadina apa, anadina apo, ndipo mawu anangokwera. A Simoni anabwera mosathamanga, anatenga sipikayo m'manja mwake, anaitembenuza, n'kuizimitsa. Anaiika pansi pafupi ndi mtondo.

"Nyamulani," anauza amuna aja.

Motero mayi Josephine, amene anaperekeza theka la manda a m'mudzimo ndi nyimbo, anachoka pabwalo pawo mwakachetechete. Kunkamveka mapazi ndi kulira kwa ana awo basi. Atafika pa mphambano Dora anayambitsa nyimbo ina ya m'tchalitchi, koma anaiyambira pamwamba kwambiri, ndipo inayenda motsimphina mpaka kumanda. Veronika sanalirenso. Ankayenda akuyang'ana zala za kumapazi, ndipo amayi amene ankamugwiriza m'mawa uja anamugwirabe, koma manja awo anali ozizira.

Denis anafika dzuwa litapendeka, anthu akubalalika, pa njinga ya kabaza. Anadzera kuseri ndipo anapeza mkazi wake ali yekha m'nyumba.

"Pulogalamu inachedwa," anayamba asanakhale n'komwe. "Anati m'mawa, koma makina anafika masana. Ndikanachoka bwanji dzina langa atalitchula kale? Ndinayesa kukuyimbira..." Anaima, n'kumuyang'anitsitsa. "Sipika inagwira?"

"Inagwira."

"Inamveka bwino? Anthu anati bwanji?"

Veronika anamuyang'ana. Munthuyo ankafunadi kudziwa.

"Ovomera aja ndi ndani, bambo a Thandi?"

"Ndine. Trevor amakujambula kangapo, n'kusanjikiza. Ndi mmene amachitira masiku ano. Sizinamveke ngati gulu?"

"Zinamveka ngati gulu."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Amayi anapita opanda nyimbo. Lero ndanama kwa amalume kawiri, mtembo wa amayi anga uli pambali panga. Ndaima pamaso pa mudzi wonse ndi kabokosi kanu ngati wogulitsa mankhwala a mano pamsika. Anthu sanaseke inu, inu munalibe. Anaseka ine."

Denis anakhala pansi pang'onopang'ono. Suti ija inali ndi fumbi mpaka m'mawondo.

"Ndikapepesa," anatero.

"Amalume akuti mawa posesa mukapezeke."

M'mawa mwake, atasesa bwalo ndi kutaya phulusa la moto wa maliro, abale anakhala pansi pakhomo pa malemu, amuna uku, akazi uku. Kwaya nayo inabwera, monga mwa mwambo wake, kudzatsanzika ofedwa. Denis anafika atavala malaya akale a kumunda, n'kunjuta patsogolo pa a Simoni, manja ali pamodzi.

"Amalume, ndinalakwa. Satana anandi..."

"Msiyeni Satana, ali ndi milandu yake," anatero a Simoni. "Inenso ndine mkamwini kumene ndinakwatira. Ndikudziwa kuti mkamwini amakhala ngati mlendo pa nyumba imene anamanga yekha. Mukanabwera kudzanena kuti mukufuna kuyesa mwayi m'tawuni, mlongo wanga akanakudalitsani, ndipo amayi awa akanakuperekezani mpaka pa siteji ya minibasi. Sitikulipitsani mbuzi ngakhale nkhuku. Koma malemu anapempha chinthu chimodzi, ndipo sanalandire. Nyumba yawo ndi iyi, khomo ndi ilo. Imirirani muwayimbire. Pakamwa."

Nkhope ya Denis inamasuka. Ngati chilango chake chinali kuyimba, ndiye kuti anapulumuka. Anaimirira, anakonza pakhosi, anatseka maso.

"Ndasenza mtolo, dzuwa lapendeka..."

Anasiya mpata, monga anachitira zaka zonse.

Nkhuku inadutsa pabwalo. Dora ankachotsa ulusi pa nsalu yake. Amayi ena ankayang'ana phiri la Chiradzulu ngati aliona koyamba.

Denis anatsegula maso. Anamwetulira pang'ono, ngati munthu amene akuganiza kuti anzake sanamve, n'kuyambanso mokweza.

"Ndasenza mtolo, dzuwa lapendeka..."

Zii.

Tsopano anayang'ana mkazi wake. Ndipo Veronika anazindikira kuti anthu onse, ngakhale ankaoneka ngati akuyang'ana kwina, ankadikira iye. Mzere wovomera unali kale pa lilime lake. Unabwera wokha, monga mmene zifukwa za chimfine ndi njinga zinkabwerera. Akanangotsegula pakamwa, mwina wina akanamumvera chisoni n'kulowa, kenaka wina, ndipo mwamuna wake akanawoloka. Maso a Denis ankamupempha poyera, opanda kunyada kulikonse. Anali bambo wa mwana wake. Anali munthu amene mawu ake anamuchititsa kukana amuna awiri.

Anatenga nsonga ya chitenje n'kudzitseka pakamwa.

Denis anayesa kachitatu, koma mawu anathyoka pa "dzuwa." Anaima pamenepo, manja ali lende, pakati pa bwalo losesedwa bwino. Mzere wotsatira ankaudziwa, m'mawu aakulu, apakati ndi opyapyala omwe, koma sanayerekeze. Anabwerera chambuyo, nadutsa mpando umene anamusiyira, n'kukakhala padothi kumbuyo kwa amuna onse.

Palibe anaseka. Veronika akanakonda anthu akanaseka.

"Nyimbo ija sinayimbidwebe," anatero a Simoni patapita kanthawi. "Mlongo wanga akudikira."

Dora anakoka ng'oma n'kuiika pakati pa miyendo. "Veronika," anatero, osamuyang'ana. "Unalipo pamene ankaipeka. Yambitsa."

"Ine mawu anga ndi osasa, a Dora."

"Amayi ako anali osasa kuposa ako. Yambitsa, ife tilipo."

Veronika anachotsa chitenje pakamwa. Sanaimirire. Anayang'ana khomo limene bokosi linatulukira, ndipo mawu amene anatuluka anali aang'ono, okanda, otsika kuposa poyenera.

"Ndasenza mtolo, dzuwa lapendeka..."

"Tula, m'bale, tula," linagwa gulu lonse pamodzi, ndi chifuwa cha Dora, ndi mwana wolira kumsana, ndi amuna akung'ung'udza kumbuyo, "pakhomo ndi pano."

Misozi imene inakana kutuluka kumanda inabwera tsopano. Anaponya mzere wachiwiri, n'kudikira, ndipo anamuvomeranso. Sanacheuke kuti aone ngati kumbuyo kuja, padothi, pakamwa pena panatseguka.